Kudzutsa lole yakale ndi kuipenta kuno ku Mangochi

Ambiri amene amadzutsa lole kapena pikapu yakale amagwa pamalo amodzimodzi. Galimoto imatuluka m'galaja ikuwala, anthu n'kumaicheukira pa msewu wa ku Monkey Bay, koma ikangodutsa dzinja limodzi penti amayamba kutuluka matuza m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa madigadi. Mukaboola thuza limodzi mumatuluka timadzi tofiirira. Apa wopenta amalozedwa chala, ena n'kumati penti anali wachinyengo, chonsecho dzimbiri silinachotsedwe, linangokwiriridwa ndi fila, phala lomatira posalaza bodi.

Malangizo awa ndi a munthu amene wapeza Bedford, Toyota Stout, Datsun, Peugeot 404, Land Rover kapena Hilux yakale itakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo akufuna kuikonza yekha pang'onopang'ono kumapeto a sabata. Dziwiranitu kuti kupopera penti kumatha m'mawa umodzi. Miyezi yonse imathera pa chitsulo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Masipanala ndi masoketi. Za ku Japan ndi Peugeot zimafuna a mamilimita, koma Bedford ndi Land Rover zakale zili ndi mabawuti a mainchi. Sipanala ya 13 pa bawuti ya theka la inchi imalowa ngati yakwana, kenako imadya mutu wa bawutiyo.
- Jeke yolimba ndi zitsulo kapena zipika zochindikala zoikapo galimoto. Njerwa ndi mabuloko ayi, zimaphwanyika mosachenjeza.
- Galayinda yaing'ono, madisiki odulira ndi opalira, burashi ya waya, nyundo ndi kachitsulo kotsamiritsa kuseri powongola.
- Maginito, sikuludilaiva yakuthwa ndi tochi.
- Sandipepa ya 80, 180, 320, 600 ndi 1500, komanso kathabwa kosalala koikulungirapo.
- Mankhwala opha dzimbiri, fila ndi hadina wake (mankhwala oumitsa), pulaimala (penti woyamba wa pansi) wa epoxy kapena wa etch, pulaimala wodzaza (wokwirira mikwasa ndi timaenje), penti, thina (wosungunulira penti), ndi mankhwala ochotsa mafuta pa chitsulo.
- Kompulesa ya malita 100 kapena kuposa, kasefa kokola madzi pa paipi ya mpweya, ndi gani yopoperera. Kompulesa yaing'ono imatha mphamvu muli pakati pa chitseko.
- Tepi ya opentera, mapepala ophimbira, nsalu zoyera zosathothoka ulusi.
- Chophimba pamphuno cha mafyuluta a penti, magalasi a m'maso, magolovesi, ovololo, ndi chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga.

Zina mwa izi mudzazipeza m'mahadiweya a pa boma pano, koma penti wa galimoto, epoxy ndi hadina nthawi zambiri mpaka ku Blantyre kapena ku Limbe. Gulani pulaimala, penti, thina ndi hadina za kampani imodzi. Masipeya akale, monga zogwirira zitseko ndi malaiti, yambani mwafunsa amakaniko akuluakulu a konkuno musanakwere basi kukawafuna ku msika wa Ndirande ku Blantyre.

1. Yambani ndi mapepala komanso tchesisi

Musanatulutse ndalama, onani bulu buku. Nambala ya tchesisi ndi ya injini zolembedwa m'menemo zifanane ndi zomwe zadindidwa pa chitsulo. Ngati mwini wake anamwalira, kambiranani ndi abale onse oyenera ndipo mulemberane pamaso pa mboni. Galimoto yopanda mapepala ingakudyereni ndalama chaka chonse kenako n'kukanika kulembetsa ku Road Traffic.

Mukatero gonani pansi pake ndi tochi ndi nyundo. Gogodani tchesisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pomwe pamangiriridwa masipuling'i ndi pomwe matope amakhazikika. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimalira mogontha ndipo chimagwetsa makoko. Tchesisi yopindika kapena yowola malo ambiri isiyeni, ngakhale mtengo utakhala wokopa.

Kenako yendetsani maginito pa bodi. Pomwe akugwira mwamphamvu pali chitsulo. Pomwe akutsetsereka n'kugwa, wina anamatapo kale fila wochindikala, ndipo pansi pake pali chibowo kapena chibonkho. Pa Land Rover njirayi sigwira chifukwa bodi yake ndi ya aluminiyamu. Pamenepo yang'anani tchesisi ndi chitsulo cha kutsogolo kwa mapazi a dalaivala, poti ndizo zimawola.

Magalimoto a kuno ambiri anagwirapo ntchito ya matola ndi yonyamula nsomba kuchokera m'madoko. Madzi a ayezi ndi a nsomba amalowa m'mipata ya bodi yakumbuyo n'kuidya kuchokera pansi. Choncho musakhutire ndi pamwamba pokha, tukulani mphasa kapena matabwa muone.

2. Injini ndi mabuleki ziyambe, penti pambuyo

Injini yomwe yakhala zaka osalira musaiyatse ndi kiyi. Chotsani mapulagi, kapena ma injector ngati ndi ya dizilo, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, mudikire masiku angapo, kenako muizungulitse ndi sipanala pa bawuti ya pule ya kutsogolo. Ikazungulira, khuthulani oyilo wakale, tsukani thanki, sinthani mafyuluta ndi mapaipi a labala. Onaninso kuti ndi chingwe chiti cha batire chomwe chalumikizidwa ku bodi, chifukwa magalimoto ena akale a ku Britain ankalumikiza cha positive.

Mabuleki akonzedwe tsopano lino. Mafuta a mabuleki amasungunula penti, ndiye musadzawagwire galimoto itapentedwa kale. Potsegula madilamu musapemerere fumbi lake ndi kompulesa: mabuleki akale ambiri anali ndi asbestos, yemwe amawononga mapapo. Nyowetsani fumbilo ndi kulipukuta.

Chenjezo kwa a malole: malimu okhala ndi mkombero wochotseka amapha. Tayala litulutsidwe mpweya wonse musanakhudze mkombero, ndipo kupopa mpweya asiyireni odziwa malimu amenewa.

3. Masulani, jambulani, lembani

Chotsani mabampa, malaiti, magalasi oonera kumbuyo, zogwirira, zilembo, malabala a zitseko, ndipo ngati n'kotheka galasi la kutsogolo. Dzimbiri limakonda kubisala pansi pa labala wa galasi limeneli. Chilichonse chijambuleni pa foni musanachimasule, mabawuti ake muike m'kajumbo n'kulembapo dzina. Bawuti yokana ithirireni mafuta omasulira dzimbiri madzulo n'kuiyesa m'mawa. Mukaikakamiza imaduka, ndipo ya Bedford simuipeza pa hadiweya iliyonse.

4. Tsukani, kenako yesani penti wakale

Tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri, pansi pomwe, mpaka matope ndi gilizi zithe. Mukayamba kukwecha musanatsuke mumalowetsa mafuta m'mikwasa ya sandipepa, ndipo adzaonekera pa penti watsopano.

Ikauma, nyowetsani kansalu ndi thina n'kukagwiritsa pamalo pobisika kwa mphindi imodzi. Penti akafewa kapena kutsalira pa nsalu, ndiye kuti sangapirire penti wa 2K (uja wosakaniza ndi hadina) pamwamba pake, adzakwinyika. Ameneyo achoke yense. Ngati sanafewe, sakusenda, ndipo galimoto sinapentedwe kambirimbiri, mutha kungomukwecha ndi 320 malo omwe alibe dzimbiri.

5. Palani mpaka chitsulo chiyere

Gwirani chigawo chimodzi pa nthawi: lero chitseko, sabata yamawa boneti. Chitsulo chopalidwa chikagona panja chimagwira mame, ndipo chinyezi cha m'mbali mwa Shire ndi nyanja chimachichititsa dzimbiri lopyapyala usiku umodzi wokha. Chomwe mwapala lero chipakidwe pulaimala lero lomwe.

Gwiritsani ntchito sandipepa ya 80 kapena disiki yopalira penti. Disiki yolimba yoperera zitsulo imadya lata n'kulitentha, ndipo boneti kapena denga zikatentha zimapindika mafunde omwe simungawawongolenso bwino. Dzanja lisaime malo amodzi.

Valani chophimba pamphuno ndipo ana asasewere pafupi. Penti wakale, makamaka wofiira ndi wachikasu, amatha kukhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni woopsa kwa ana. Sesani fumbilo mutawaza madzi, musalisiye kuti nkhuku zizipalasa.

Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi burashi ya waya. M'timaenje tomwe burashi sifika pakani mankhwala opha dzimbiri motsatira zolembedwa pa botolo. Mudzaona pofiira paja pakuda. Pa aluminiyamu musagwiritse burashi yomwe yapala chitsulo.

6. Powola dulani, muwotcherere chitsulo chatsopano

Apa ndi pomwe ntchito yonse imapambanira kapena kufera. Tengani sikuludilaiva ija mubaye paliponse pokayikitsa: pansi pa mapazi, m'munsi mwa zitseko, pa masitepe, m'makona a kabini, m'ngalande za denga. Pomwe yalowa kapena lata lafewa, jambulani ndi choko, ndipo mzere wanu upitirire masentimita 2 kapena 3 kulowa m'chitsulo chabwino. Dzimbiri limayenda kuseri kuposa pomwe maso akuona. Dulani motsata mzerewo.

Chigamba chikhale chitsulo chochindikala mofanana ndi chomwe mwadula, kawirikawiri pafupifupi milimita imodzi pa bodi ya pikapu. Chabwino ndi chodula ku chitseko kapena boneti ya galimoto ina yakufa. Malata a denga la nyumba sayenera: ndi opyapyala, ndipo zinki yake ikapsa imatulutsa utsi wodwalitsa. Yambani mwadula katoni molingana ndi bowolo, kenako mujambulire pa chitsulo. Chigamba chilowe m'bowo ndendende, milomo ikumane. Mukachisanjika pamwamba pa chakale, pakati pake pamatsala mpata wosunga madzi.

Musanayatse moto chotsani batire, thanki ya mafuta, mipando ndi mawaya omwe ali pafupi. Thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzaza chifukwa cha mpweya wotsalira m'kati, choncho isawotcheredwe ndipo ikhale kutali. Wina aime mbali inayo ndi chozimitsira moto.

Makina a ndodo omwe amawotcherera mageti ndi mawindo amaboola lata la galimoto. Funani wowotcherera wa gasi wozolowera mabodi, kapena wa makina a MIG owotcherera ndi waya. Ngati mwalemba munthu, khalani pomwepo ndipo mumupemphe kuti adonthetse kadontho apa, adumphe, kadontho kena uko, adikire pazizire, mpaka madontho akumane. Akathamangitsa mzere umodzi wautali lata limakokana n'kupindika. Pomaliza perani pang'onopang'ono, kenako ikani tochi kuseri. Pomwe kuwala kwatulukira pali kabowo, ndipo katsekedwe ndi moto. Kabowo kangati ka singano n'kokwanira kulowetsa chinyezi chomwe chidzatukule fila. Kuseri kwa chigamba kupakidwenso pulaimala ndi penti, ngakhale palibe adzakuone.

Ndikudziwa kuti gawo ili ndi lodula ndiponso lotopetsa. Komabe ndalama zikachepa, ndi bwino galimoto ikhale miyezi ingapo ili ndi pulaimala yekha kusiyana n'kudumpha chigamba chimodzi.

7. Pulaimala woyamba ndi fila

Wongolani zibonkho ndi nyundo kaye, kachitsulo kali kuseri, kuyambira m'mbali kulowera pakati. Pukutani ndi mankhwala ochotsa mafuta, nsalu imodzi yonyowa ina youma. Petulo ndi dizilo sizitsuka chitsulo chopenta, zimasiya mafuta.

Pa chitsulo choyera poperani epoxy. Amamatirira bwino ndipo salola madzi kudutsa. Akauma mukwecheni pang'ono, ndipo fila atha kupita pamwamba pake. Ngati mwapeza wa etch yekha, sinthani ndondomeko: fila ayambe pa chitsulo chokwechedwa ndi 80, etch abwere pa chitsulo chotsala poyera, chifukwa fila sagwirizana ndi asidi wa mu etch.

Fila ndi wosalazira basi, asapitirire mamilimita 3. Hadina amafunika wochepa, pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse. Sakanizirani pa kachitsulo kapena pulasitiki yoyera mpaka mtundu ukhale umodzi, pa katoni ayi poti amamwa madzi a fila. Kutentha kwa kuno kumamuumitsa msanga kwambiri, mwina mphindi zitatu zokha, ndiye sakanizani pang'onopang'ono, muli pa mthunzi. Ena amachepetsa hadina kuti apeze nthawi, koma fila wotero amakhala wofewa m'kati. Akayamba kuchita mibulu pa chomatira, tayani, musakakamize.

Kwechani ndi 80, kenako 180, sandipepa ili pa kathabwa, mukuyendetsa mopingasa. Zala zokha zimakumba tinjira. Fila sakwechedwa ndi madzi, amamwa n'kusunga chinyezi pa chitsulo. Pofuna kudziwa ngati pasalala, yendetsani chikhatho chonse mutayang'ana kumbali; dzanja limamva zitunda zomwe diso silikuona.

8. Pulaimala wodzaza

Poperani mikuti iwiri kapena itatu ndi nozo (kamlomo ka gani) yaikulu, ya mamilimita 1.8. Akauma, wazani penti wakuda pang'ono ngati fumbi, kenako kwechani ndi 320. Pomwe pakutsalira kuda pali dzenje, pomwe chitsulo chaonekera pali chitunda. Konzani, poperaninso, mumalize ndi 600. Mipata yolumikizira malata ndi ngalande za denga zitsekedwe ndi sila wa galimoto. Silikoni wa mawindo a nyumba penti samugwira.

9. Sankhani penti, tsiku ndi malo

Penti wa 2K amapirira dzuwa la ku Mangochi ndipo amauma msanga, koma hadina wake ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amayambitsa mphumu yosachira. Kansalu ka pamphuno sikateteza konse, ndipo ngakhale mafyuluta a makala sateteza mokwanira ngati chophimba cholandira mpweya wa paipi. Wa enamel ndi wotsika mtengo, ngozi yake ndi yocheperako ngakhale chophimba pamphuno chimafunikabe, ndipo kawalidwe kake kamayenera lole yakale. Vuto lake amachedwa kuuma, choncho amatola fumbi. Kwa munthu wopentera pakhomo, ine ndingasankhe enamel wabwino, kapena kukonza zonse ndekha n'kupereka kupopera kwa 2K kwa galaja yokhala ndi zida zake.

Mtundu woyera, wa kirimu kapena wobiriwira motuwa umabisa timafunde ndipo kabini sitentha kwambiri pokwera phiri la ku Namwera. Wakuda umaulula chibonkho chilichonse, wofiira umasuluka msanga. Mtundu woyamba wa galimotoyo mudzaupeza kuseri kwa dashibodi kapena pansi pa labala wa chitseko. Mukasintha mtundu, kadziwitseni a Road Traffic kuti zolembedwa zifanane ndi galimoto. Gulani penti wokwanira nthawi imodzi n'kusakaniza zitini zonse m'chidebe chimodzi.

Penti amakhala bwino pa madigiri 20 mpaka 25. Mu October ndi November kuno kumapitirira madigiri 35, penti amauma ali m'malere n'kufika pa chitsulo ngati mchenga. M'dzinja chinyezi chimamuchititsa mbuu. Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka August, koma ndi miyezi yomweyo ya mwera, ndiye poperani m'mawa mame atauma, mphepo isanadzuke. Ngati mwakakamizika kupenta nyengo yotentha, pemphani thina ndi hadina wochedwa kuuma. Usiku musayerekeze: babu limaitana tizilombo ta kumadzi tomwe timadzamatirira pa boneti.

Malo akhale a denga, otchingidwa ndi matenti mbali ya mphepo koma mpweya ukudutsa, kutali ndi khitchini, mbaula ndi osuta fodya. Sesani dzulo lake, m'mawa muwaze madzi pansi. Konzeranitu jenereta, kuti magetsi akazima musatsale ndi theka la kabini.

10. Kupopera

Tsegulani kabawuti ka pansi pa kompulesa mutulutse madzi. Phimbani zonse zosapentedwa, matayala omwe. Sakanizani penti molingana ndi zolembedwa pa chitini, poyeza ndi kapu ya manambala, ndipo mumusefe. Ikani nozo ya 1.3 kapena 1.4, mpweya pafupifupi 2 bar, muyesere pa katoni kaye.

Yambani m'kati mwa zitseko ndi m'makona, kenako denga, n'kumatsika. Gani italikire masentimita 15 mpaka 20, iyang'ane chitsulo molunjika, ndipo muyende ndi mkono wonse osapinda pa mfundo ya dzanja. Mzere uliwonse ukwirire theka la unzake. Finyani gani musanafike pa chitseko, musiye mutachidutsa.

Mkuti woyamba ukhale wopepuka, pulaimala azionekerabe. Dikirani mphindi 10 mpaka 15, gwirani pa tepi: penti azinanda koma osatsalira pa chala. Wachiwiri ndi wachitatu ikhale yonyowa. Imani poti kuwala kuzigwera pa chitsulo mopendekera, ndipo muziyang'ana kumbuyo kwa gani. Mudzaona timadontho tikugwirana n'kusanduka galasi. Likangooneka galasilo, liwiro lanu ndi lomwelo. Mukachedwa pang'ono penti amayenderera.

Pakayenderera kapena kachilombo kakagwera, musagwirepo. Wa 2K akauma bwino mudzakwecha ndi 1500 ndi madzi n'kupolisha; wa enamel amafuna masabata kuti alimbe. Chotsani tepi penti asanaumiretu, mukukokera kutali ndi penti, ndipo tsukani gani nthawi yomweyo.

11. Pansi ndi kubwezeretsa

Tchesisi ndi m'madigadi pakani penti wakuda wa tchesisi pa chitsulo choyera ndi chouma, osakwirira nambala ya tchesisi. Tsegulani timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa zitseko ndipo m'kati mwake mupoperemo mankhwala a phula oteteza dzimbiri. Matabwa a bodi ya lole apakidwe mbali zonse asanamangidwe. Dikirani masiku angapo musanabwezere malabala ndi zogwirira, ndipo sipanala muikulunge tepi. Malaiti, hutala, mawaipa ndi malifulekita zikhale bwino musanapite kukayezetsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Kutseka bowo ndi fila, nyuzipepala kapena sefa wa waya. Zimaoneka bwino miyezi yochepa, kenako chigamu chonse chimagwa pa mabampu a msewu wa ku Makanjira.

Kusiya galimoto pa mvula ili ndi pulaimala wodzaza yekha. Pulaimala ameneyu amamwa madzi, dzimbiri n'kuyamba pansi pake osaoneka. Ngati ntchito iima, ikhale pa epoxy ndiponso pansi pa denga.

Kuthira thina wotsukira gani m'penti pofuna kusunga ndalama. Penti amafa kuwala, nthawi zina n'kukwinyika.

Kupolisha dashibodi kapena matayala pafupi ndi malo opentera. Silikoni wa m'mapolishi amenewa amauluka n'kusiya timaenje tozungulira pa penti. Zala za mafuta a chakudya zimachitanso chimodzimodzi, choncho mukapukuta komaliza musagwirenso ndi manja.

Kudumpha sandipepa, kuchoka pa 80 n'kupita pa pulaimala. Mikwasa imabisala tsiku loyamba, n'kudzatulukira penti akakhazikika pakatha masabata.

Kupopera chitsulo chomwe chakhala pa dzuwa. Ikani kuseri kwa dzanja pa boneti musanayambe kupukuta komaliza. Ngati pakutentha, kankhirani galimoto pa mthunzi mudikire.

Kuphimba galimoto yongopentedwa kumene ndi tenti ya pulasitiki, kapena kuipaka polishi wa phula mwezi woyamba. Thina amakhala akutulukabe m'penti, ndipo akatsekeredwa amasiya zipsera zotuwa. M'mwezi umenewu itsukeni ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa basi, ndipo musaiimike pansi pa mtengo pomwe mbalame zimagona.